Mawu Amene Ndinalephera Kuwauza Abambo

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno tadzuka, ndipo lero ndikunena ndi mtima wonse kuti tadzukadi. Miyezi yapitayi ndikanalemba kuti tili bwino likanakhala bodza, ndipo inu bodza langa munkaligwira ndisanamalize n'komwe kulinena. N'chifukwa chake ndinangokhala chete. Tsopano mtima wakhala pansi, ndiye ndati ndikhale pakhonde pano ndikuuzeni zonse.

Ndiyambe ndi zokoma. Mdzukulu wanu Tiyamike anachira mu Epulo, mwana wamkazi wonenepa bwino. Tinamupatsa dzina lanu, ndiye akamalira palibe wolimba mtima kumukalipira. Ali ndi chipumi chanu chomwe chija, ndipo akakwiya amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira munthu akabwereka sefa osabweza.

Chimanga cha kumunda wa kufupi ndi dambo chinachita bwino, nkhokwe inadzaza mpaka tinasowa poika china. Cha kumtunda ndiye musafunse, mvula inadula chikungoyamba kumasula. Mtedza wokha sunatichititse manyazi. Nkhuku zanu zija chitopa chinasesa, panatsala tambala mmodzi yekha amene amangoyendayenda pabwalo ngati wosowa kwawo. Mbuzi yamawanga ija inaswa mapasa, ndipo khalidwe lake lolowa m'dimba la eni silinasinthe. Amayi a kumpingo amakutchulanibe, makamaka nyimbo ikayambidwa pamwamba kwambiri n'kusowa woitsitsa.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya abambo. Mu Juni, kuzizira kutafika pachimake, anadwala chibayo. Chinayamba ngati chifuwa wamba, iwo n'kumakana kuchipatala monga mukuwadziwira, mpaka m'mawa wina anakomoka akumeta ndevu. Tinathamangira nawo ku chipatala chaching'ono cha ku Nsaru, kumeneko n'kutitumiza ku chipatala chachikulu ku tauni. Anagona milungu isanu. Chibayo chinatha, koma chinapita ndi miyendo yawo. Munthu uja ankapalasa njinga kupita ku Nambuma n'kubwerako tsiku lomwelo, ntchafu zake zinatsala ngati mapesi.

Tsiku lotuluka kunabwera mayi wina wa mafizo, aja ophunzitsa odwala kulimbitsa thupi. Ndi wa msinkhu wangawu, wojintcha, wovala buluku, mawu ake ngati wolengeza maliro. Abambo tsikulo anali ndi chizungulire, komanso makutu awo aja anagontheratu chichokereni inu, moti kuti amve uyenera kukuwa ngati ukuitana munthu ali kutsidya kwa dambo. Ndiye mayiyo anawaonetsa zochita ali chigonere, n'kundikokera ine pakhonde la wodi.

"Mayi, tamverani bwino," anatero. "Akayamba kuima okha, agwire chinthu cholimba. Atangadze miyendo, mapazi atalikirane ngati mapewa awo kapena kupitirira pang'ono, zala zipenye kunja pang'ono, zidendene zisachoke pansi. Ndiye azitsika ngati akufuna kukhala pampando, matako kumbuyo, n'kudzukanso. Kakhumi m'mawa, kakhumi masana. Mwamva, eti?"

Anachita yekha katatu ine ndikuona. Ndinayankha kuti ndamva, ndipo ndinamvadi, Amayi. Palibe liwu limene linandiphonya.

Titafika kumudzi ndi pamene tinaona vuto lenileni. Izi sindikanalembera munthu wina aliyense, koma inu ndinu akazi awo. Kuyenda ndi ndodo anayamba msanga. Chimene chinawakanika ndi kuchimbudzi. Kunjuta sakanatha, ndipo akati ayesere, kudzuka kunali kosatheka. Ine mwana wawo wamkazi sindikanalowa nawo. Ndiye ntchitoyo inagwera amuna anga, bambo a Tiyamike, kuwagwira m'khwapa, nkhope atayang'ana kukhoma. Tangoganizani, mkamwini ndi apongozi ake, anthu amene zaka zonsezi sanadyerepo mbale imodzi. Bambo a Tiyamike sanadandaule ngakhale tsiku limodzi, Mulungu awadalitse. Anayesanso kuboola mpando wakale kuti abambo azikhalapo, koma abambo anaukana. Anati akangokhala pamenepo ndiye kuti avomera, komanso podzuka ankafunabe wowakoka.

Kenako ndinaona kuti akubweza chakudya. Phala supuni zitatu, madzi kungonyowetsa milomo. Ndinkaganiza kuti ndi matenda aja, mpaka ndinazindikira kuti akudzimana dala kuti asamapite kuseri kawirikawiri. Tsiku limenelo ndinakalilira m'khitchini, ndikunamizira utsi.

Achimwene a Yohane atabwera kudzazonda anaona zonsezi ndi maso awo. Musawaweruze, Amayi, analankhula mwa chikondi. Anati kwawo ku tauni, ku Area 25, kuli chimbudzi chokhala ngati mpando, m'nyumba momwemo, ndipo kumapeto kwa Okutobala, akamaliza kukonza chipinda, abwera ndi galimoto kudzawatenga abambo. Anabwereza kawiri mokuwa kuti abambo amve. Abambo anayang'ana kumanda kuja kwa kanthawi, n'kunena kuti:

"Ndinabwera m'mudzi muno ndi sutikesi imodzi kudzakwatira amayi anu. Atamwalira, abale awo anandiuza kuti ndisachoke, pano ndi panga. Anthu sanandichotse. Ndiye ndichotsedwe ndi chimbudzi?"

Tonse tinkadziwa kuti akakwera galimotoyo, kuno adzabwerako atagona. Koma tinkadziwanso kuti munthu sangakhale moyo ndi supuni zitatu za phala.

Apa ndiye pali mlandu wanga, ndipo mbali ina ndi wanu. Mukukumbuka mmene munkanditsinira pantchafu ndili kamtsikana, ndikakhala pamphasa mosasamala? "Esinati, khala bwino! Mwana wamkazi satangadza." Munanditsina mpaka phunzirolo linalowa m'mafupa. M'nyumba mwathu mawu amenewo ankatchulidwa powaletsa pokha. Ndakula, ndakwatiwa, ndine gogo tsopano, koma sindinawauzepo munthu wamkulu aliyense.

Ndiye tsiku loyamba mafizo aja linafika. Abambo anagwira nsanamira ya khonde, akundiyang'ana kuti ndiwauze chochita. Njira ya kumjigo mukuidziwa, imadutsa pamaso penipeni pa nyumba, ndipo nthawi imeneyo amayi a matenanti a ku esiteti ya fodya ija anali akudutsa ndi ndowa zawo, akutipatsa moni. Ine ndiyenera kukuwa, osati kunong'ona. Ndikuwe kuti chiyani? Kwa bambo anga ondibereka, mkulu wa mpingo, anthu akumva? Ndinatsegula pakamwa. Mawu amene anatuluka ndi anu omwe aja, ndinangowatembenuza pang'ono.

"Abambo, imani bwino!"

Ndipo anaimadi bwino. Munthu amene anakhala mphunzitsi moyo wake wonse, akuimitsa ana pamzere m'mawa uliwonse, kuima bwino amakudziwa kumodzi kokha. Anagundanitsa zidendene, mapazi pamodzi, msana chilili, ngati akudikira nyimbo ya fuko. Ine ndinawaonetsa kutsika kwake, nanenso mapazi ali pamodzi m'kati mwa chitenje monga munandilerera. Mumtima ndinadzitonthoza kuti kunjuta ndi kunjuta basi, za mapazizo ndi zokometsera za anthu ophunzira. Bambo a Tiyamike sindinawauze n'komwe kuti pali mawu ena amene ndawameza.

Abambo ndi munthu womvera malamulo. Kakhumi m'mawa, kakhumi masana, osaphonya, akuwerenga mokweza. Koma akangotsika pang'ono zidendene zinkanyamuka, mabondo n'kuthamangira kutsogolo akugundana, thupi lonse likunjenjemera. Ankaluma mano. Patatha milungu itatu mabondo anatupa, kutsogolo kwa ntchafu kukuwotcha, ndipo m'malo motsika kwambiri anayamba kutsika pang'ono kuposa poyamba. Ndinkawathowa ndi madzi otentha, ndikudziuza kuti mankhwala owawa ndiwo amachiza. Mlungu wachisanu anasiya. Anakhala pampando wawo n'kunena motsitsa kuti, "Usavutike nane, mwanawe. Miyendo iyi inatsagana ndi amayi ako."

Mwamwayi tsiku lokaonedwanso kuchipatala linakwana pakati pa Sepitembala. Abambo sankafuna kupita, koma tinawanyengerera. Tinamupeza mayi uja m'chipinda chodzaza anthu, ena akupalasa njinga yosayenda, ena akuphunzira kuponda ndi ndodo. Anawalonjera abambo mokuwa, n'kuwagwiritsa chitsulo cha pakhoma.

"Agogo, tandionetsani mmene mumachitira kunyumba!"

Abambo anagundanitsa zidendene. Mayiyo anayang'ana mapazi awo, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ananso mapazi aja.

"Kodi mapaziwa anawamanga ndani?"

Ndinati mwina ndinaiwala. Anapukusa mutu. "Simunaiwale, mayi. Munachita manyazi. Si inu oyamba, ndipo si inu omaliza." Kenako anatembenukira kwa abambo, n'kukokera mpweya, n'kukuwa kuti chipinda chonse chimve: "Agogo! Tangadzani!"

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Abambo anaika dzanja kukhutu. "Mwati?"

"Tangadzani miyendo!"

"Oo," anatero abambo, n'kusuntha phazi limodzi uku, lina uko. "Chonchi?"

Basi, Amayi, zinathera pomwepo. Denga silinagwe. Wa panjinga uja sanasiye kupalasa, ndipo palibe ngakhale mmodzi anacheuka. Mawu amene ndinawasenza milungu isanu ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi, abambo anawalandira ngati awauza kuti asendere pabenchi.

Mayiyo anagwada n'kukonza mapazi awo ndi manja ake, zala kuzilozetsa kunja pang'ono. Anawauza kuti akanikize zidendene pansi, abweze thupi kumbuyo, atsike pang'ono chabe. Anatsika. Mabondo sanagundane, ndipo nkhope yawo sinakwinyike monga kunyumba.

"Mukumva kukoka pati?" anafunsa.

Abambo anaganiza kaye monga mwa mphunzitsi. "Kutsogolo kulipo, koma kwachepa. Kwayamba m'kati umu, ndi kumbuyo kuno."

"Kumbuyo kuti? Tchulani!"

"M'matako," anatero abambo mosatekeseka. "Ndinaphunzitsapo sayansi ine, mayi."

Mayi uja anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Kenako anatifotokozera, ndipo ndilemba monga ndinamvera. Anati mwendo uli ndi antchito ambiri. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito mulimonse mmene munthu waimira. Koma ukaphatikiza mapazi, makamaka munthu wachikulire amene akakolo ake anauma, zidendene zimanyamuka, ndipo thupi lonse limatsamira pa minofu imeneyo ndi pamabondo. Ukatalikitsa mapazi, minofu ya m'matako ndi ya m'kati mwa ntchafu imadzuka kudzathandiza, ndipo chiuno chimapeza potsikira. Anachenjezanso kuti tisapitirize muyeso, zala zikapenya kunja kwambiri bondo limapotoka, lizingotsata kumene phazi laloza. "Mutu umodzi susenza denga," anatero. "Inu ntchito ya mudzi wonse munaisiyira mabondo awiri."

Potsanzikana anandifunsa ngati chimbudzi cha kwathu chili ndi silabu. Ndinati eya, ya simenti. "Nanga mapazi aja anawaumba pasilabupo, ndi ophatikizana?" Ndi otalikirana, Amayi, openya kunja pang'ono, ndipo ndimawaponda tsiku lililonse.

Mu minibasi pobwerera, titadutsa pa Njewa, abambo anandiyang'ana.

"Esinati, unkadziwa?"

Ndinangogwedeza mutu, misozi ili mbwembwembwe. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo zikanandipepukira akanatero. Milungu isanu ya ululu, mabondo otupa, munthu mpaka kutaya mtima, zonsezo chifukwa cha ine. Koma iwo anangopumira m'mwamba.

"Manyazi anapha Lambe," anatero. "Amayi ako anakulera bwino. Koma akanakhala iwowo, akanandikuwira mpaka a ku Kabudula amve."

Poti samva, amalankhula mokweza osadziwa, ndiye minibasi yonse inamva. Ndinaseka ndikulira. Ndipo ananena zoona, eti? Inu munali ndi manyazi pamaso pa alendo, koma munthu wanu akadwala munalibe mawu oletsedwa. Mbali imeneyo ya phunziro ndi imene ndinaiphonya, kapena munaiwala kunditsinira.

Titafika ndinatenga khala n'kujambula mapazi awo pansi pakhonde, pafupi ndi nsanamira, monga mayi uja anawaikira. Ndikasesa, ndinkajambulanso. Tinadikira kaye kuti mabondo aphwe, kenako tinayamba ndi mpando wautali kumbuyo kwawo, kuti azingoukhudza n'kudzuka. Patatha masiku tinaika kampando kakafupi, kenako njerwa zitatu zosanjikiza, kenako ziwiri. Akaiwala n'kubweza mapazi pamodzi, ndinkakuwa mawu aja. Tsiku loyamba ndinachita kutsinzina. Amayi a kumjigo anaima, mmodzi n'kufunsa kuti, "Kodi kwagwanji, amayi a Tiyamike?" Ndinawafotokozera. Mawa lake mmodzi wa iwo anabwera kudzafunsa bwinobwino, akuti apongozi ake nawonso mabondo anawatha.

Abambo ndiye anachita kunyanya. M'mawa uliwonse ankandipatsa lipoti ngati kwa hedimasitala: "Lero akumbuyo agwira ntchito, akudandaula." Chakudya anayambanso kumaliza, mpaka kufunsa ngati mbatata yatsala. Ntchafu zinayamba kubwerera pang'onopang'ono. Ndikuululireninso china. Inenso masiku ano ndikamanyamula ndowa pansi ndimatalikitsa mapazi, ndipo msana uja unkandivuta wachepa. Musadandaule, m'kati mwa chitenje palibe akuona.

Komabe chimbudzi chenichenicho anali asanachiyese okha. Bambo a Tiyamike anazika mtengo wolimba m'katimo woti azigwira, monga mayi wa mafizo analangizira, koma ankalowabe nawo. Amuna angawo ankati akungoimirira, sakuwagwiranso kwenikweni. Ine ndinkaopa kukhulupirira.

Loweruka lomaliza la Okutobala achimwene anafika ndi alamu, dzuwa likuswa mtengo. Kumbuyo kwa galimoto anaika matiresi atsopano kuti abambo agone panjira. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Achimwene anafotokoza zonse mwaulemu, za chipinda, za chipatala kukhala pafupi, za tchalitchi chimene chili kuseri kwa nyumba yawo. Abambo ankangogwedeza mutu, kaya ankamva kaya ayi. Ine zovala zawo ndinali nditazichapa kale n'kuzipinda, osawauza.

Achimwene atamaliza, abambo anatenga ndodo yawo n'kuimirira. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero. Bambo a Tiyamike anadzuka mwachizolowezi kuti awatsatire, koma abambo anakweza dzanja.

"Khalani pansi, bambo. Mwagwira ntchito yokwana."

Anayenda okha mpaka kuseri, n'kulowa, n'kutseka. Amayi, mukanationa. Anthu akuluakulu anayi, tonse maso ali pa chitseko cha chimbudzi. Alamu anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka. Bambo a Tiyamike anakhala chakumapeto kwa benchi, okonzeka kuthamanga. Ine ndinkamvetsera kuti mwina ndimva kugwa, kapena kuitana. Nthawi inatalika mpaka achimwene anati, "Kodi tisakaone?" Ndinawagwira mkono. Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu yowaletsa achimwene anga.

Kenako chitseko chinatseguka. Anatuluka, n'kuchitseka bwinobwino, n'kuponda mpondagiya, kachigubu kamadzi kopachika kaja, kusamba m'manja mosafulumira, mpaka m'zikhadabo. Anabwerera, nafika pampando wawo, natalikitsa mapazi, nakhala pansi pang'onopang'ono osadzigwetsa. Thukuta linali kamukamu pachipumi, koma nkhope inali ya munthu uja munakwatiwa naye.

"Yohane," anatero, "matiresiwo usabwerere nawo, anga atha. Koma mwini wake sakwera."

Achimwene anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. Kenako anadzuka okha kukatsitsa matiresi aja. Bambo a Tiyamike anati akukaona mbuzi kuseri kwa nyumba, chonsecho mbuzi zonse zinali pamaso pathu. Ine ndinalowa m'nyumba kukabweza zovala zija m'malo mwake, ndipo m'menemo ndinalira mokweza, podziwa kuti abambo sangamve.

Ndiye nkhani ndi imeneyo, Amayi. Amuna anu ali pakhomo panu, akudya, akuseka, ndipo dzulo ndinawapeza akupukuta njinga, ngakhale imeneyo ndawaletsa kaye. Ndapepukidwa moti ndikuyenda ngati ndatula katundu. Kukwiya ndi inu ndinakwiya pang'ono, sindibisa, koma kunatha. Munandiphunzitsa ulemu, ndipo ndikuthokoza. Kungoti ndinatsala pang'ono kuwataya abambo chifukwa chowalemekeza.

Ndikulonjeza kuti ndiwasunga pano mpaka tsiku lawo, ndipo chilichonse chimene achipatala adzanene ndidzawauza monga chilili, mokuwa, amve amene amve. Inunso ndikupempheni kanthu kamodzi. Ndikudziwa kuti mwawasowa, iwonso akusowani, ndimawamva akukutchulani. Koma musafulumire kuwaitana. Angoyamba kumene kuimanso okha.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Esinati